Pepala limene ndidasuta

Takondwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi moni, ngakhale tikugona nyumba imodzi ndipo m'mawa uno tamwera tiyi pamodzi. Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Kalatayi ndidaiyamba dzana, lero Lachisanu ndiye ndikuti ndiimalize zivute zitani, poti mawa ukukwera minibasi pa Nsaru kupita kuntchito yako yatsopano ku Kanengo. Kalembedwe kanga ukukadziwa. Zilembo ndidaziphunzira kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, ndiye ukapeza china chagona chagada uchidzutse wekha. Ndili kuno kudimba, kumene amayi ako akuganiza kuti ndikuthirira mpiru. Ndalemba, ndanyamuka, ndazungulira chitsime, ndabwereranso. Pakamwa ndayesa kawiri kukuuza, koma kawiri konseko ndangothera kukufunsa ngati zipi wa chikwama chako akutseka bwino.

Chandilembetsa ndi ichi. Lachiwiri lija, ndikukonza chitseko cha khola, ndidamva amayi ako akukulangiza kuseri kwa nkhokwe. Adati poti kumene ukupitako ndi kosungira mankhwala a ulimi, china chikadzakugwera m'maso uthamangire mkaka, wa m'mawere ngati pali woyamwitsa pafupi, ngati palibe ngakhale wa ng'ombe, koma madzi usadzayerekeze. Adamaliza ndi kukukumbutsa kuti mkaka wawo ndiwo udapulumutsa diso la atsibweni ako a Lufeyo. Iwe udayankha kuti wamva. Kapena mumtima unkaseka, poti kusukulu udapita ndipo setifiketi uli nayo. Koma ine ngozi ndidaionapo, mwana wanga. Ikafika, za kusukulu zimathawa, m'mutu mumatsala chimene munthu adamva kwawo ali wamng'ono. Nkhani ya mkakayo waimva kuyambira ukukwawa. Ndikuopa kuti tsiku lina manja ako adzaichita mutu usanaganize.

Nkhaniyo si yoona. Amayi ako sanama ayi, amanena zimene akudziwa. Wonama ndine, amene ndidamva zoona zake kuchipatala n'kuzitsekera m'mimba zaka zonse zimene iwe wakhala ndi moyo. Mkaka sudapulumutse diso lamanzere la atsibweni ako. Kudikira mkakako ndiko kudapha lamanja. Pamenepa werenga kawiri. Tsopano ndikuuze mmene zidayendera kuyambira poyambira pake, poti ine nkhani yodumphadumpha sindiitha.

Cholakwa changa choyamba chidali kusuta pepala. Nthawi imeneyo matipate atangoyamba kumene, ine ndi amayi ako tinkakhala pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete, ndipo atsibweni ako, poti adali asanakwatire, adatitsatira. Awirife adatiika pagulu lopopera mankhwala. Mankhwalawo ankabwera m'zigubu, zigubuzo m'makatoni, ndipo m'katoni iliyonse munkakhala mapepala awiri kapena atatu omanga ndi kawaya pakona, olembedwa Chingerezi, tizilembo tating'ono ngati nyerere, uku ndi uku. Wosunga sitolo ankangowaponya pansi. Ine nditagwira limodzi ndidamva kuti ndi lopyapyala, lofewa, loposa nyuzipepala, ndidati apa ndapeza chopichirira chingambwe. Ndinkapempha, iye n'kumandipatsa, n'kumathokoza kuti ndikumusesera m'sitolo. Atsibweni ako, pakamwa pawo ukupadziwa, ankanena kuti Chingerezi chimene ndikumeza ndi utsicho tsiku lina chidzatulukira kukamwa, azungu adzadabwa n'kundikweza ukapitawo. Tinkaseka mpaka kutsokomola. Pa mapepala ena padali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa, pena chithunzi cha dzanja likudyeka ndi dontho. Chithunzi sichifuna sukulu, ndidachiona. Ndidafunapo kufunsa akapitawo, koma ndidachita manyazi kuti anzanga adzati mkulu uyu ndi mbuli. Akale adati safunsa adadya phula. Bambo akowo phula sadadye, adapichira chigaza chija n'kuyatsa. Manyazi amenewo ndawaona mwa iwe, Takondwa, momwe umayang'anira pansi munthu wamkulu akamalankhula. Kutchalitchi ndi abwino. Kumene kuli zigubu uwasiye pageti.

Cholakwa chachiwiri chidali cha dzina. M'chilankhulo chathu zonse ndi mankhwala. Ochiza mutu ndi mankhwala, ophera mbozi ndi mankhwala, a asing'anga ndi mankhwala, ndiye munthu umazolowera kuti dzina limodzi lakwana. Mayina awo enieni lilime linkakana, choncho tidawapatsa athu. Adalipo ena tinkawatcha Kanunkha. Adaliponso ena othira pa fodya tikadula nsonga, kuti mphukira zisamere, oyabwa pakhungu zedi. Amenewo atsibweni ako adawatcha Apongozi, ati poti ukakumana nawo umapatuka n'kuyang'ana kumbali. Dzinalo lidamera, mpaka akapitawo ankatuma kuti katengeni Apongozi kusitolo. Chigubu chake chidali chachikulu, cholemera, ndipo munda umene tinkagwira sabata imeneyo udali kutali, kumalire. Ine mwa nzeru zanga ndidapungulira m'kachigubu kamene kadali ka mafuta ophikira, kopanda chilembo chilichonse. Chotsekera chake chidatayika kalekale, ndiye ndidatseka ndi chitsononkho, n'kuchikhomera ndi mwala kuti chisatayikire panjira. Ndidadziona wochenjera tsiku limenelo. Iwe usadzalole mankhwala kuchoka m'chigubu chawo kulowa m'chopanda dzina, ngakhale wokuuzayo ali wamkulu kwa iwe, ngakhale akuti ndi pang'ono pokha, ngakhale akuti tonse tikuwadziwa. Ifenso tonse tinkawadziwa.

Ndanyamuka kaye apa, ndabwera. Gawo ili ndilo landilepheretsa kudya masiku ano.

Lidali tsiku la dzuwa pakati pa mvula, lija limatentha ngati likubwezera. Kachigubu kaja ndidakasiya poyera kuyambira m'mawa, ndipo kadafufuma mimba. Itakwana nthawi yosakaniza, atsibweni ako ndiwo adali pafupi nako. Adakapanira pakati pa mawondo, n'kuwerama, n'kuyamba kugwedeza chitsononkho chija, akundinyoza kuti alamu awo amatseka chigubu ngati akutseka manda. Magalasi otchinga maso adalipo awiri pa esiteti yonse, koma ankakhala m'bokosi la akapitawo kudikira tsiku la alendo. Chitsononkho chidazuka mwadzidzidzi, mankhwala osasungunula n'kuwathovukira kumaso. Kulira kwake sindidakumvepo kwa munthu wamwamuna. Pomwepo, mapazi asanu okha, padali mgolo wodzaza madzi oyera a pamjigo amene tidabwera nawo pangolo kuti tisungunulire. Atsibweni ako, osaona, adakwawira kumgolo kuja. Thupi lawo lidadziwa chofunika. Ine ndidawagwira m'chiuno n'kuwakokera m'mbuyo.

Ndidati, "Alamu, madzi ayi. Madzi ndiwo amadzutsa mankhwala."

Usandione ngati wamisala, mwana wanga, umve mmene ndidaganizira. Tsiku ndi tsiku tinkaona kuti mankhwala ali m'chigubu amangokhala phee, koma tikawathira m'madzi amasintha mtundu, n'kuyamba kugwira ntchito pa fodya. Ndiye tonse pagululo tinkakhulupirira kuti madzi ndiwo amawapatsa mphamvu. Palibe adatiuza, tidangoona n'kumangirira tokha. Anzathu onse adavomereza kuti ndanena zoona, akapitawonso adavomereza. Wina adati diso limamva mkaka wa m'mawere, monga timachitira mwana akadwala maso. Woyamwitsa amene tonse tinkamudziwa adali mmodzi, amayi ako, iwe uli ndi miyezi itatu. Ndidauza anzanga kuti awagwire alamu asayandikire mgolo, ine n'kuliyatsa liwiro la kukomboni kumene tinkagona. Kunyumba sindidawapeze, adali atapita kudambo kochapa. Ndidathamangira kudambo. Tidabwerera tonse, iwo akuthamanga iwe uli kumsana, mutu wako ukugwedera uku ndi uku. Pofika tidapeza anzathu atawamanga atsibweni ako nsalu kumaso kuti asatikite, mankhwala atsekeredwa momwemo. Amayi ako adagwada, n'kufinyira mkaka m'kapu, n'kumadontheza m'maso mwa mlongo wawo akupemphera. Madontho angati, Takondwa? Sadakwane ngakhale supuni zitatu. Mgolo uli pomwepo, wodzaza mpaka pakamwa.

Kuchipatala cha mishoni ku Namitete tidapita pa thirakitala dzuwa litapendeka. Tisanalongosole n'komwe, anamwino adawagoneka n'kuyamba kuwathira madzi m'maso, osaleka, atawatsegula zikope ndi zala. Ine ndidafuna kuwaletsa, adandikankhira kumbali. Adokotala, bambo wina wolankhula motsitsa, adandifunsa kuti chawagwera n'chiyani. Ndidati mankhwala. Adati mankhwala anji. Ndidati a fodya. Adati a fodya alipo ambiri, dzina lake ndi chiyani. Ine mutu utazungulira ndidati ndi Apongozi. Namwino mmodzi adaima, n'kufunsa ngati nkhaniyi yafika kupolisi, poti adamva ngati apongozi a munthuyo ndiwo amuthira mankhwala kumaso. Tsiku lina zikadakhala zoseketsa. Nditalongosola, adokotala adafunsa za chigubu, ndidati chilibe chilembo. Adafunsa ngati mankhwalawo sabwera ndi pepala. Apo ndidapisa m'thumba n'kutulutsa chidutswa chimene chidatsala, chonunkha chingambwe. Adachiwongola patebulo ndi chikhatho, n'kuwerenga, n'kutembenuza. Adati apa akunena za kanyamulidwe kake pa lole ndi katayidwe ka chigubu chikatha, koma kumtunda kumene kumakhala dzina ndi zochita munthu akavulala kulibe. Adafunsa kuti kudapita kuti. Ndidawauza kuti ndidasuta. Sadakalipe, bola akadakalipa. Adangofunsa kuti padapita nthawi yaitali bwanji asanatsukidwe, ine n'kuwalozera pamene dzuwa lidali ndi pamene lidafika. Atamaliza ntchito yawo adanditengera pakhonde, awiriwiri.

Adati, "Bambo, lamanzere lidangogwidwa pang'ono, misozi yawo ndiyo yalitsuka. Lamanja lapsa. Mukadawatsegula zikope pomwepo n'kumathira madzi a mumgolo aja osaleka, ine ndikukhulupirira kuti likadaona."

Mawu amenewo adamva ndine ndekha, ndipo cholakwa changa chachikulu chayambira pamenepo. Amayi ako adali panja pa mpanda akukuyamwitsa. Nditawauza kuti diso limodzi liona, adagwa pansi n'kuyamika Mulungu kuti mkaka udafika nthawi yake. Mawa lake agogo ako adabwera kuchokera kumudzi, n'kumuyamika mwana wawo kuti wapulumutsa mlongo wake, n'kundiyamika inenso kuti ndidathamanga. Taganiza, ine mkamwini, amene ndidachotsa mwana wa eni pamudzi kupita naye ku esiteti, ndiime pamaso pa apongozi enieni n'kunena kuti mwana wawo wamwamuna ndidamukoka kumuchotsa pamadzi ndi manja angawa? Ndidati ndinena akachira. Atachira ndidati ndinena tikabwerera kumudzi. Titabwerera nkhani idali itakula kale, amayi ako akuifotokoza kuchigayo ndi ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, anthu akubwera kudzawafunsa za maso. Atsibweni ako mpaka lero amakumbukira kuti ndidawagwira m'chiuno, koma amati ndidawapulumutsa. Iwe amakuseka kuti adakulanda nkhomaliro uli khanda, ine amandiuza kuti diso limodzi likukwana poti mkazi ali naye mmodzi. Ndimaseka nawo, kenako ndimapita kuseri kwa nyumba. Kawiri ndamva amayi ako akupereka malangizo a mkakawo kwa anthu apamudzi pano, ndipo kawiri konseko ndidawatsatira anthuwo mozemba ngati mbala, n'kukawanong'oneza panjira kuti tsukani ndi madzi, thamangirani kuchipatala. Kwa mkazi wanga pakamwa padakana kutseguka.

Sukulu ya kwacha ija, imene mumandiseka nayo kuti ndidakalamba ndi sileti, ndidailowera pepala lomwelo. Ndidati sindidzagwiranso chinthu chimene sindingachiwerenge. Ndidalimbikira zaka ziwiri. Tsiku limene ndidatha kuwerenga Masalimo ndekha, ndidakapempha pepala lina kusitolo ya esiteti, poti ndinkapitabe kukagwirako ganyu, ndidakhala pansi, ndidaloza ndi chala. Zilembo zonse ndidazidziwa, mawu ngakhale amodzi ayi. Ndidaiwala kuti n'Chingerezi. Useke, palibe kanthu, nanenso ndidaseka. Koma ukatha kuseka uganize kuti chimene bambo ako adachifuna zaka ziwiri osachipeza, iwe uli nacho m'mutu, ungangochita ulesi wokha.

Zimene zili m'pepalamo ndidazimva patapita zaka, mayi wina wophunzitsa za mankhwala atabwera pa esiteti n'kutisonkhanitsa m'chigafa. Adalikweza m'mwamba, n'kutiuza m'Chichewa kuti mankhwala aliwonse ali ndi pepala lakelake lonena za chitetezo, ndipo nkhani zake adazindandalika ndi manambala mofanana, kuti munthu wothamanga asasochere. Ine ndidazisunga pa zala. Chala choyamba ndi dzina lenileni la mankhwala ndi amene adawapanga. Chachiwiri ndi kuopsa kwake. Chachitatu ndi zimene adasakaniza m'katimo, zija amafuna adokotala. Chachinayi, ichi ndicho chimandiwawa, ndi zochita msangamsanga munthu akagweredwa m'maso, pakhungu, akameza kapena akapuma. Chachisanu ndi moto. Ukawolokera dzanja lina, chachisanu n'chimodzi ndi zochita akatayikira pansi, ndipo kutsogoloko kuli za kasungidwe ndi zovala. Adati zilipo zambiri kuposa zala, koma zimenezi ndizo za tsiku la ngozi. Za maso adati kawirikawiri limanena madzi oyera ambiri, zikope zili zotsegula, mphindi khumi ndi zisanu kapena kupitirira. Ine wotchi ndilibe, ndidayesa ndi nyimbo za m'buku, zidakwana zitatu zoimba mavesi onse mosathamanga. Ndi nthawi yaitali munthu akulira m'manja mwako, udzafuna kuleka. Usadzaleke.

Koma tamvera apa, poti ndikuopa kuti ndingakuchotsere mkaka n'kukupatsa madzi kuti akhale mkaka wina. Mayi yemwe uja adatulutsa chitini cha mapilitsi aja amafukizira chimanga ndi fodya mosungiramo kuti anankafumbwe ndi tizilombo tina tife. Adati awa akanyowa amatulutsa mpweya wakupha, ndipo moto ukabuka pamene ali, wothira madzi ndiye wawonjezera ngozi. Ndiye kuti alipodi mankhwala amene madzi amawadzutsa. Ine sindidaname kotheratu tsiku lija, ndidangotenga zoona za mankhwala ena n'kuziika pa ena, ndipo diso la munthu lidapita. Adatinso alipo ena munthu akameza sufunika kumusanzitsa, poti pobwerera amawotchanso kukhosi kapena kulowa m'mapapo, pamene ife tinkadziwa kuti wameza poizoni aliyense timamumwetsa madzi a mchere kuti asanze. Waona tsono? Lamulo limodzi la mankhwala onse kulibe. La amayi ako si limenelo, langanso si limenelo. Chimene ndikukupatsa ine si madzi, ndikukutuma kupepala la mankhwala amene ali patsogolo pakowo.

Udandiuza kuti iwe ntchito yako ndi ya patebulo, yoyang'anira katundu wolowa ndi wotuluka, zigubu azinyamula ndi ena. Ndamva. Nawonso atsibweni ako sadapungule ndi iwo, adangopezeka pafupi. Chigubu chikagwa pa lole n'kuphulika sichifunsa kuti wa patebulo ndani. Ndipo onyamulawo ndi anthu ngati ine, aganyu ochokera m'midzi, Chingerezi sadziwa, mayina awoawo a mankhwala adapereka kale, nzeru zawozawo za mkaka ndi mchere ali nazo. Mnzawo akadzagwa, onse adzatembenukira kwa iwe poti ndiwe wophunzira. Pamenepo sipoyambira kufufuza kuti mapepala amakhala kuti.

Choncho Lolemba, tsiku loyamba lomwelo, usanadziwe n'komwe kumene amadyera, ufunse akuluakulu ako kuti mapepala a chitetezo cha mankhwala amakhala pati. Ufunse mwaulemu, koma ufunse. Akakulozera kabati ya mu ofesi, ufunse kuti kiyi amasunga ndani, nanga iyeyo akapita kumaliro zimakhala bwanji. Akati ali mu kompyuta, ufunse za tsiku limene magetsi azima. Pepala lotsekeredwa silisiyana ndi lija ndidasuta. Ukawapeza uwawerenge kukadali bata, limodzi lero, lina mawa, kuyambira mankhwala amene ali ambiri m'nyumbamo, ndipo uyende nalo kukaona ngati dzina la papepala ndi lomwelo lili pachigubu. Kenako ufufuze mpopi. Usakhutire ndi kuuona, uutsegule, poti m'tauni mipopi yambiri ndi yokongoletsa. Ngati madzi amavuta, upemphe kuti pazikhala mgolo wodzaza, wovundikira. Magalasi ndi magolovesi akakupatsa uvale, ngakhale anzako aziti wadzisandutsa dokotala, ndipo ukaona kuti akusungira alendo, unene. Ngozi ikachitika, wina athire madzi ngati pepala latero, wina aitane galimoto, ndipo wopita kuchipatala anyamule pepala lonse lathunthu, osati dzina la pakamwa. Onyamula aja uziwamasulira m'Chichewa pang'onopang'ono pa nthawi yopuma, osawachititsa manyazi, poti munthu wamkulu akachita manyazi amagwedeza mutu ngati wamva. Ndikudziwa chifukwa ndinkagwedeza ndine.

Udzaopa kuti adzati mtsikana wangobwera kumene wayamba kale mafunso, mwina adzakuona ngati wovuta. Kapena adzaterodi. Ntchitoyi waifuna nthawi yaitali, ndikudziwa, ndipo sindikufuna kuti uitaye. Koma bwana wanzeru amakondwa ndi wofunsa zotere, ndipo amene angakwiye nazo wakuuziratu kuti maso ako sakumukhudza. Ukaona choncho usakangane naye, ungotsegula katoni imene yabwera kumene, nthawi zambiri zolembedwa zimakhalamo kapena pachigubu pomwepo, uwerenge wekha. Ndabwereza, eti? Ndibwerezabe. Lolemba, osati sabata yamawa. Inenso ndinkati ndifunsa mawa.

Dzuwa lapendeka ndipo mpiru sindidathirire, amayi ako andifunsa. Kalatayi ndikupatsa mawa pokwera, uiwerenge m'minibasi usanafike m'tauni. Amayi ako usawaone ngati opusa. Adathamanga mtunda wonse uja iwe uli kumsana, adachita chimene ine mwamuna wawo ndidawaitanira, ndipo zaka zonsezi chakhala chonyadira chawo. Usawaimbire foni kuwauza zimenezi, si katundu wako. Ndiwauza ndekha mawa lomwelo tikamabwerera kokuperekeza, panjira, tisanafike pakhomo, poti ndikalowa m'nyumba ndidzatinso mawa. Kuchoka apo ndipita kwa atsibweni ako. Sindikudziwa kuti adzandiyankha chiyani, kaya adzandiseka monga mwa masiku onse, kaya kuseka kudzathera pomwepo. Zimenezo ndi zanga. Sindingalole kuti upite ku zigubu utanyamula bodza langa m'mutu.

Lolemba ukaweruka uimbe pa foni ya amayi ako. Za nyumba imene wapeza ndi za anzako atsopano udzanena tsiku lina. Ine ndikufuna kumva zitatu, kuti mapepala ali pakutipakuti, kuti wawagwira ndi manja ako, ndi kuti mpopi wautsegula ndipo madzi atuluka. Mwina udzapeza amayi ako sakundilankhula. Akakana kundipatsa foni usawakakamize, ungowauza iwowo mokweza. Ine ndidzakhala pakhonde, ndidzamva.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Sitefano